Mpando Umene Achimwene Sanamalize Kukhoma

Lolemba, 3 Juni

Lero ndaweruzanso mlandu ndisanasukusule n'komwe. Ine wometa anthu tsitsi, za malamulo sindidziwa ngakhale kumene zimayambira, koma m'mawa uliwonse ndimakhala jaji pakhonde, thaulo loyera pamutu. Amayi akuti jaji wa mutu wapoyera sawachititsa mantha, ndiye kukonzekerako sikuwalowa m'magazi. Ukatsutsa, tiyi sumwa.

Amaimirira kumbuyo kwa mpando uja, manja onse awiri atagwira pamwamba, n'kuyamba: "Ine ndine mayi wake wa mphunzitsi amene anatengedwa pakhomo pano chaka cha zipolowe." Lero anasokoneza mtundu wa lole ya asilikali. Anati yobiriwira, kenako ayi, yotuwa, kenako anandikalipira ine ngati ndine ndinaipenta. Mutu wayamba kuwathawa, ndipo eni ake akudziwa. N'chifukwa chake khoti lathuli sitijomba, kaya kugwe mvula.

Mpandowo ndi umene Achimwene ankaukhoma mwendo pamene lole inaima pageti. Msomali udakali pomwe anausiya, theka mkati, theka kunja, wachita kufiira ndi dzimbiri. Wokhalapo palibe, woukhoma palibe. Amayi akuti ndi umboni.

Ndipo tsiku lililonse amathera pamodzimodzi. Akafika poti Achimwene anatembenuka pageti n'kulankhula, amatseka pakamwa. "Zimene ananena ndikanena kukhoti lenileni. Iwe ndiwe jaji wa thaulo."

Alamu anatuluka tisanayambe, monga mwa masiku onse. Yunifolomu yawo ya unesi yosita bwinobwino, "Tsalani bwino, apongozi," geti gwa. Zaka zonsezi umboniwu sanaumvepo. Tsiku lija iwo anali kuchipatala akulandira anthu ovulala, osadziwa kuti amuna awo akukwezedwa lole, mwana ali kumsana kwa Amayi. Mwanayo pano ali ku sekondale yogonera komweko, wanditalika ine amalume... ayi, bambo ake aang'ono. China chilichonse alamu amatha kuchiyang'ana m'maso, koma ichi chokha ayi.

Lachiwiri, 4 Juni

Zatheka! Komiti ya aphungu yavomera kumva gulu la alamu Lachinayi la sabata yamawa, pa nkhani ya pangano lija. Iwo anangonena akuvula nsapato, ngati akunena kuti sopo watha. Ine ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayankha.

Ndidzikumbutse bwino chimene ndikukuwira, poti makasitomala akandifunsa ndimangoti kakasi. Kuli khoti la mayiko onse loweruza milandu ikuluikulu, yopha anthu mwaunyinji, yosowetsa anthu, imene boma la eni ake likuikwirira. Koma khotilo silingalowe m'dziko limene silinasaine pangano lake, ndipo athuwa sanasaine. Makhoti akuno anamangidwa manja ndi lamulo lija lokhululukira zonse za chaka cha zipolowe. Ndiye Magalasi, mkulu wa asilikali amene anabwera ndi lole, ali pafamu pake akuweta nkhumba, mimba kutsogolo. Amayi amati, "Mlekeni anenepe. Mlandu suwola."

Koma alamu anga, abale! Anasonkhanitsa mabanja a anthu amene anatengedwa chaka chija, khomo ndi khomo, akachoka kuntchito miyendo itatupa. Ena akafuna kuti boma limve amanyamula zikwangwani, amatukwana pa wailesi. Iwo ayi. Amafufuza kumene phungu amadikira. Ku garaja akumusinthira matayala, pamzere wa dokotala wa mano, pasukulu akudikira mwana. Amakhala naye pafupi, moni, kenako funso lawo lomwelija: "Kodi mukuopa chiyani, olemekezeka?" Akatero amangoti zii, kumvetsera ngati akumva kugunda kwa mtima wa wodwala. Munthu amapezeka wadziulula yekha. Phungu wina anawathawa kudzera pakhomo la kuseri kwa garaja, galimoto ili pa jeke. Mawa lake anamupatsa moni kuchipatala ngati sipanachitike kanthu, n'kumufunsa za matayala aja.

Ndikanakhala ine, bwenzi nditamenya kale munthu ndi chipeso.

Lachinayi, 6 Juni

Alamu anadzera kushopu pochokera kuntchito, chinthu chimene sachita. Anafunsa kuti a Chipewa amabwera liti kudzameta. A Chipewa ndiwo wapampando wa komiti ija, ndiponso kasitomala wanga wakalekale, chifukwa m'tauni muno ndine ndekha ndimadziwa kukonza dazi lawo osaliseka. Ndinati Loweruka m'mawa.

"Muwamete mosathamanga, alamu," anatero. "Ndipo muyambe mbali imodzi."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi. Eetu, munthu wometedwa theka sathawa. Nzeru zimenezi amazitola kuti?

Lachisanu, 7 Juni

Amayi akasoketsa diresi la Lachinayi. Andituma ndikafunse a Loya a gulu ngati ndege imalola mpando, poti amva kuti khoti lenileni lili kutsidya kwa nyanja. Ndinati mpandowo udzafuna tikiti yakeyake. Anati palibe vuto, udzakwera pa tikiti yanga, ine nditsale.

Loweruka, 8 Juni

Sindikudziwa poyambira.

A Chipewa anafika, chipewa pakhoma, nsalu pakhosi. Ndinameta kumanzere konse, kumanja osakhudza. Basi alamu analowa n'kukhala pabenchi ngati akudikira kumetedwa nawo. A Chipewa anawaona m'galasi, anandiyang'ana ine, anayang'ana mutu wawo, n'kuusa moyo. "Mphwanga, wandipereka."

"Kodi mukuopa chiyani, olemekezeka?"

Poyamba anazemba. Zakuti dziko lino ndi loima palokha, zakuti akunja asatiuze zochita. Alamu zii. Ine makina pang'onopang'ono kuseri kwa khutu. Kenako anatsitsa mawu. Anati iwo alibe magazi m'manja, koma ambiri m'komiti mwawo anali m'boma chaka chija. Wina anabwereketsa galimoto, wina anayenda ndi asilikali n'kumaloza nyumba za anthu. Onsewo akuona ngati panganoli ndi msampha woti awakokere kunja ali mu unyolo. "Palibe mbuzi imanola mpeni, mayi."

Alamu anati, "Panganoli siliyang'ana m'mbuyo. Limagwira milandu yochitika dziko litalowa kale. Za chaka chija khotilo silingazikhudze."

Makina anaterereka. Ndinatsegula msewu pamutu pa wapampando kuyambira pakhutu mpaka padazi. Eni ake sanaone n'komwe.

"Zimenezo maloya atiuza," anatero, "koma loya amamukhulupirira ndani? Anzanga akuti, ngati ndi choncho, mkazi wa mphunzitsi uja akuvutikiranji? Pali chimene akubisa. Mukanene nokha Lachinayi, ndi pakamwa panu, wailesi ikumva, kuti mlandu wa amuna anu mulibe m'menemo. Mukatero mwina ndingawakoke. Mukapanda kutero, nkhaniyi yagwa."

"Ndikanena," anatero alamu. Anaimirira, anathokoza, anatuluka.

Ndinawameta mpala kuti ndibise msewu uja. Anadzisisita pamutu n'kuti bola chipewa chilipo.

Ndiye kuti Magalasi sadzaima m'khoti limenelo. Ndiye kuti Amayi ndi mpando wawo... Ayi, ndisiye kaye.

Lamulungu, 9 Juni

Ndinawapeza alamu akuyanika zovala kuseri, Amayi ali kutchalitchi. Ndinalankhula zambiri, zina zoti sindingazilembe. Ndinati mwatipusitsa. Ndinati nkhalamba ija ikuloweza mtundu wa lole m'mawa uliwonse chifukwa cha khoti limene inu mukudziwa kuti silidzaiitana.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati anadziwa kuyambira tsiku limene a Loya anawawerengera panganolo koyamba. Anauza gulu lonse poyera, mabanja ena anachoka akuwatukwana kuti agwirizana ndi Magalasi. Ndinati nanga ine? Anati inu ndinakuuzani, munkamvera mpira, munangoti eya eya. Mwina n'zoona, ndikudzidziwa.

Alamu anayesa kangapo kuwauza Amayi, koma akangoyamba, Amayi amati "mlandu suwola" n'kutsegula wailesi. "Ndinaleka kukakamira," anatero. "Ndinaona kuti khoti la pakhondeli ndi limene limawadzutsa m'mawa, ndiye ndinachita mantha."

Alamu kuchita mantha! Ndinkayesa mawu amenewa sawadziwa.

Ndinati chabwino, njira ilipo. Lachinayi tiwauze kuti msonkhano wasinthidwa, ine ndichotse mabatire mu wailesi, inu mukanene zanuzo, Amayi asamve kanthu. Anafinya malaya mpaka madzi anatha, n'kundiyang'ana.

"Mwana wawo anamutenga osawafunsa. Ine ndiwabere tsiku lawo osawauza? Ndiwauza ndekha, ndipo akafuna kupita apita."

Ndinafunsa kuti nanga zaka zonsezi akuthamangiranji, nsapato kutha, ngati Achimwene sapindulapo kanthu.

"Lole ija ikadalipo, alamu. Ndimaiona ikudutsa pachipatala. Anaiika matayala atsopano."

Ndinapita kukawakalipira, ndinapezeka ndikuwapatsira mapegi.

Lachiwiri, 11 Juni

Thaulo lalemera lero. Amayi sanalakwitse ngakhale liwu limodzi. Anafunsa kuti ajaji mwakwiyiranji. Ndinati chimfine.

Lachitatu, 12 Juni

Awauza.

Alamu anapempha tchuthi kuntchito. Anadikira Amayi amalize tiyi, n'kukhala pansi penipeni, pafupi ndi mapazi awo. Ine ndinaima pakhomo ngati chitseko chachiwiri.

Anayamba mosazungulira. Amayi anatambasula dzanja kuti atsegule wailesi, alamu analigwira dzanjalo, mofatsa, koma osalisiya. "Apongozi, lero mundimve. Ngakhale boma litasaina mawa, khoti limenelo silidzakuitanani. Silidzaitananso Magalasi. Ndipo mawa ndikukanena zimenezi pamaso pa aphungu, chifukwa ndikapanda kutero sasaina."

"Ndiye mukukasainitsa chiyani?"

"Kuti wina akadzafuna kutumizanso lole, adziwe kuti kuli khoti limene sangalimange manja."

"Wina. Nanga wangayo?"

Alamu sanawanamize. Ine pamenepo ndikanapeka kenakake, lilime linali litayamba kale kundiyabwa.

"Mwataya mwana wanga kuti mupulumutse ana a eni," anatero Amayi. Anachotsa dzanja lawo, analowa kuchipinda, chitseko gwa. Alamu anakhalabe pansi pomwepo akuyang'ana mpando wopanda munthu. Patapita nthawi tinamva fungo la simbi. Amayi ankasita diresi.

Lachinayi, 13 Juni

Tinapita tonse atatu, koma ngati anthu osadziwana. M'basi Amayi anandiika ine pakati. Mpando ndinawakaniza, ndinati alonda sangalole, ndipo mwamwayi sanalimbane nane.

Chipinda cha pamwamba, tebulo lalitali lopindika, mabotolo a madzi, makina oziziritsa mpweya ochita kuluma m'mafupa. Ife a mabanja anatiika kumbuyo. A Chipewa anavula chipewa, mpala ndinawameta uja unawala, ndinanyada pang'ono. A Loya analankhula za ndime ndi ziganizo, aphungu akusewera ndi mafoni, wina akuwodzera poyera. Kenako anaitana alamu.

Analibe pepala m'manja. Anatchula ntchito yawo, ananena kuti ndi mkazi wa yani. Kenako: "Ndamva kuti ena mwa inu mukuopa za chaka cha zipolowe. Ndabwera kudzakuchotsani mantha. Panganoli silikhudza chaka chimenecho. Amene anatenga amuna anga sadzaimbidwa mlandu m'khoti limeneli. Ndikunena ine mkazi wawo, apongozi anga ali apo akumva."

Mafoni onse pansi. Wowodzera uja anadzuka.

Phungu wamtali, amene kushopu timamutcha Chala chifukwa ndi amene ankaloza nyumba, anakoka maikolofoni. "Ndiye inuyo mupindulapo chiyani, mayi? Munthu savutika chabe."

"Palibe, olemekezeka. Ine zanga zinatha. Koma tsiku lija ndinali pantchito akubweretsa ovulala. M'mawa anabweretsa ana a anthu otsutsa. Madzulo anabweretsanso ana a anthu a boma, poti mfuti ikayamba siifunsa kuti bambo ako ndani. Onsewo ndinawatsuka ndi madzi amodzi. Lero muli m'boma, mawa mudzakhala kunja, ndipo lole ija imamvera amene wagwira kiyi. Chaona mnzako chapita. Ine sindikukupemphani kuti mudzimange. Ndikukupemphani muwamange manja amene adzakhale pa mipando imeneyi inu mutachoka. Mwina adzakhala anthu abwino. Koma mukufuna kuyesera pa ana anu?"

Osakweza mawu, osaloza munthu, ngati akufotokozera wodwala kamwedwe ka mankhwala. Ine wodziwa za tsitsi, langa linaima.

Ndiye Amayi anaimirira.

Anagwira mpando wa kutsogolo kwawo ndi manja onse awiri, monga amachitira pakhonde. "Ine ndine mayi wake wa mphunzitsi amene anatengedwa pakhomo panga chaka cha zipolowe." Mawu omveka chipinda chonse. Ndinawakoka diresi, anandimenya dzanja.

A Chipewa anakweza dzanja. "Mayi, pepani kwambiri. Pano si khoti. Komiti siingamve umboni."

Amayi anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene watsika basi pamalo olakwika. "Nanga khoti lili kuti?"

Chala anaweramitsa mutu. Alamu anatseka maso, misozi ikutsika, koma pamalo pawo sanasunthe. Ine ndinawatulutsa Amayi, pamasitepe anali opepuka ngati mwana. Ndamva kwa a Loya kuti alamu anayankha mafunso onse otsala mpaka lomaliza, misozi osaipukuta.

Ndawakwiyira alamu angawa, komanso ndikuwagwadira. Mtima umodzi womwewu.

Lachisanu, 14 Juni

Kushopu nkhani ndi yomweyo, poti wailesi inaulutsa zonse. Dalaivala wa minibasi akuti nesi uja wawameta aphungu mpala wopanda madzi. Wogulitsa nsapato akuti ayi, wapereka mwamuna wake kuti atchuke. Ameneyo anali pampando wanga, lumo lili pakhosi pake. Ndinamufunsa ngati akufuna kubwereza. Anati amangocheza.

Masana kunabwera mayi wina wa m'mabanja amene anachoka m'gulu aja. Sanafune kumeta, anangoima pakhomo. Anati, "Mukawauze anesi kuti ndamva. Sindinawakhululukire, koma ndamva." Anatembenuka n'kupita.

Kunyumba Amayi akudyera kuchipinda. Alamu akawapititsira mbale imabwerera yosakhudzidwa. Ndikaipititsa ine, mbale yomweyo, amadya.

Lolemba, 17 Juni

Khoti kulibe. Mpando uli pakona, wayang'ana kukhoma. Ndinadzuka n'kutenga thaulo mwachizolowezi, ndinangopukutira nkhope.

Amayi anadzuka dzuwa litakwera, anandifunsa kuti lero ndi lachingati. Ndinawauza, patangopita kanthawi anafunsanso. Alamu anamva. Ichi ndi chimene ankaopa chija, ndipo chafika. Anawaikira mankhwala m'kambale monga mwa masiku onse, anati "Tsalani bwino, apongozi" kwa chitseko chotseka, anadikira pang'ono, n'kupita.

Ndinawaperekeza mpaka pa siteji. Aonda, maso alowa. Ndinafunsa ngati akunong'oneza bondo. Anati usana ndi usiku. Ndinafunsa kuti atapatsidwanso Lachinayi lina angatani. Anati angakanene zomwezo.

Lachitatu, 19 Juni

Yadutsa! Wailesi yanena masana kuti komiti yavomereza kuti boma lilowe m'panganolo, ndipo nkhaniyi ipita ku nyumba yonse ya malamulo. Dalaivala wa a Chipewa wanditsina khutu kuti zinali zothinana, ndipo amene anapendeketsa sikelo ndi Chala. Chala! Dziko ili lidzandipha ndi kudabwa.

Ndinasiya kasitomala ali ndi sopo kumaso n'kuthamangira kuchipatala. Ndinawapeza alamu akukankha machira. Ndinati mwamva? Anati, "Ndamva. Kwatsala nyumba yonse, kwatsala nduna, kwatsala siginecha ya mtsogoleri. Kodi nduna ya za chilungamo imameta kuti?"

Ha! Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma awa nkhono imatopa yokha n'kuwaonetsa.

Madzulo chitseko cha Amayi chinali chotsekula pang'ono. Wailesi yawo inkabwereza nkhani yomweyo, ndipo sanaitseke.

Loweruka, 22 Juni

Chinandidzutsa ndi phokoso la chinthu chokwekwereza pansi. Kutuluka, Amayi avala diresi la Lachinayi lija, akukokera mpando pakhonde. Ndinathamangira thaulo.

"Iwe ayi. Ntchito yako unagwira."

Nthawi yomweyo alamu anatuluka, yunifolomu, chikwama paphewa, akulunjika kugeti.

"Apongozi."

Liwu loyamba la Amayi kwa alamu chichokere Lachitatu lija. Alamu anaima ngati aponda minga.

"Khoti langa mwalitseka ndinu. Ndiye mukhale apo mundimve."

Alamu anayang'ana geti. Ndinaona miyendo yawo ikufuna kupita. Munthu amene anaima pamaso pa komiti yonse osagwedezeka, lero akuopa nkhalamba ndi mpando wothyoka. Anaika chikwama pansi, anakhala pa kabenchi kanga ka ujaji. Ndinawapatsira thaulo. Amayi anati, "Awa safuna thaulo."

Ananena zonse. Lole yotuwa. Magalasi akuitana dzina ali pageti. Achimwene akuika hamala pazenera kuti mwana asadzaiponde. Mbama imene anawamenya atafunsa kuti alakwanji. Mwana akulira kumsana. Ine ndamva zimenezi mpaka ndingaziimbe, koma lero ndinkaziona pankhope ya alamu, ndipo zinali zachilendo. Manja anali pamaondo, maso pa Amayi, osaphethira.

Anafika pageti. Ndinadikira kuti atseke pakamwa. Sanatseke.

"Anatembenuka, anati, 'Amayi, ine sindibwerera. Muwauze amake mwana asandidikire. Akadali aang'ono, apitirize moyo.'"

Anagwiritsa mpando mpaka zala zinatuwa.

"Sindinakuuzeni. Ndinaopa kuti mupita ndi mdzukulu wanga, ine n'kutsala ndi wa tsitsiyu. Ndinati ndikanenera kukhoti, jaji akandilange limodzi ndi Magalasi. Ndatha."

Ngakhale pamenepo sanaiwale kundinyoza. Koma kuseka sikunabwere.

Alamu analira mokweza. Chibadwire sindinawamvepo akulira ndi mawu, ngakhale chaka chija tikuyenda m'misasa ya asilikali kufunsa za Achimwene. Analira mpaka aneba anasuzumira pampanda n'kubwerera. Amayi anaimabe, akudikira. Kenako alamu anatenga thaulo lija m'manja mwanga, anapukuta nkhope, anawongola msana.

"Khoti lamva, apongozi."

"Nanga chilango?"

"Mwaima nthawi yaitali. Khalani pansi."

Amayi anauyang'ana mpando, anaugwedeza, mwendo uja unalendewera. "Pa chimenechi? Mukufuna ndithyoke msana? Iwe, katenge hamala. Ili m'sutikesi mwanga, pansi pa zovala."

Msomali wa Achimwene unapindika nditangougunda kamodzi, dzimbiri linali litaudya. Ndinafuna kuuzula, Amayi anati usiye, khoma wina pambali pake. Alamu anagwada n'kugwira mwendo, yunifolomu ili m'fumbi, nthawi ya ntchito itadutsa kalekale. Ndinakhoma. Amayi anayesa ndi dzanja, anayesanso, kenako anakhala.

Anati tiyi wazizira.